Kumwetsa Akavalo ndi Abulu Mankhwala a Njoka za M'mimba

Phunziro la lero n'la kavalo ndi mbale wake bulu. Kwathu kuno akavalo n'ngowerengeka, koma abulu okoka ngolo alipo ndithu, ndipo njoka zosautsa kavalo ndi zomwezo zimene zimasautsa bulu. Chifukwa chake tikupempha aphunzitsi a m'midzi kuti aliwerenge mofatsa, akafotokozere anzathu amene chakudya cha ana awo chimabwera pa ngolo.

Njoka zochuluka koposa ndi tinjoka tofiirira, tating'ono ngati ulusi, timene akatswiri amatitcha cyathostomins. Mazira ake amatuluka ndi ndowe naswa pa msipu. Tiana take timakwera pa udzu wonyowa, ndipo chiweto pakudya chimatimeza. Tikafika m'matumbo timaboola khungu la m'kati ndi kubisala momwemo miyezi yambiri. Tsiku limene tidzatuluke tonse pamodzi, chiweto chimatsegula m'mimba, chimaonda msanga, ndipo kawirikawiri chimafa. Palinso njoka yaikulu yoyera, Parascaris, yosautsa ana a ziwetozi. Imatalika kufika masentimita 30, ndipo zikachulukana zimatseka matumbo.

Kale mdani woopsa anali wina, Strongylus vulgaris, amene ana ake amayenda m'mitsempha yopereka magazi ku matumbo naitseka. M'chaka cha 1966 akatswiri awiri a ku Kentucky m'dziko la Amereka, a Drudge ndi a Lyons, analangiza kuti akavalo onse azimwetsedwa mankhwala miyezi iwiri iliyonse. Malangizowo anagwiradi ntchito, njoka ija inachepa kwambiri, ndipo sitingawadzudzule anthuwo. Koma mwambo umenewu, utatsatidwa zaka makumimakumi, unabala tsoka lina.

Taonani m'mene zimachitikira. Pakati pa njoka zikwizikwi pamakhala zingapo zobadwa ndi mphamvu yopirira mankhwala. Mankhwala sazilenga njokazi, amangozipatula: amapha zofooka nasiya zolimba, ndipo zolimbazo zimakwatirana zokhazokha ndi kubala ana olimba ngati makolo awo. Mlimi wanzeru amasunga mbewu yochokera ku chimanga chimene chinapirira chilala. Munthu womwetsa mankhwala kawirikawiri amachita chimodzimodzi mosadziwa, koma mbewu imene iye akusankha ndi ya njoka.

Kodi osangosintha mankhwala bwanji? Yankho n'lakuti ngakhale maina a pa mapaketi ali ambiri, mabanja a mankhwala opha njoka zoburungira za akavalo alipo atatu okha. Loyamba ndi la fenbendazole ndi anzake, lachiwiri la pyrantel, lachitatu la ivermectin ndi moxidectin. Ivermectin anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1981, ndipo kuyambira pamenepo banja latsopano la akavalo silinabadwe. Tinjoka tofiirira tija m'maiko ambiri sitimvanso fenbendazole, ndipo m'chaka cha 2002 ku Netherlands kunamveka kuti Parascaris yayamba kupirira ivermectin. Munthu akasiya paketi yofiira nagula yobiriwira, koma m'kati muli banja lomwelo, sanasinthe kanthu. Werengani dzina lolembedwa ndi malemba ang'onoang'ono.

Tsono tibwere pa muyeso, pakuti apa ndi pamene ambiri timalakwa. Mankhwala amayesedwa molingana ndi kulemera kwa chiweto. Ivermectin amafunika mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu iliyonse, kotero kavalo wa makilogalamu 300 ayenera kumwa mamiligalamu 60. Mwini wake akangomuyang'ana ndi maso nati ndi wa makilogalamu 200, adzampatsa 40 okha. Muyeso woperewera wotere umapha njoka zofookeratu, koma zopirira pang'ono, zimene muyeso wokwana ukanazipha, zimapulumuka ndi kuswana. Amene amagawira abulu atatu mankhwala a abulu awiri pofuna kusunga ndalama akuweta njoka ndi manja ake.

Popanda sikelo, tengani tepi ya atelala. Yesani kuzungulira chifuwa cha kavalo kuseri kwa miyendo yakutsogolo, ndiponso kutalika kwake kuyambira pa phewa kufika kumapeto kwa thako, zonse m'masentimita. Chulukitsani nambala ya chifuwa ndi iyo yomwe, kenaka ndi ya kutalika, ndipo mugawe ndi 11,900. Chifuwa cha 160 ndi kutalika kwa 140 zimapereka makilogalamu pafupifupi 300. Chiwerengero chimenechi n'cha kavalo wamkulu. Thupi la bulu linapangika mwina, ndipo lili ndi kayesedwe kake kamene alangizi a ziweto angakuonetseni. Mukakayika pakati pa mizere iwiri ya pa chubu, sankhani wapamwamba. Koma chenjerani ndi moxidectin: ameneyu akapitirira muyeso amavulaza, ndipo sapatsidwa kwa mwana wosakwana miyezi inayi kapena kwa chiweto chowonda kwambiri.

Pomwetsa, yambani mwaona kuti m'kamwa mulibe udzu, chifukwa mankhwala akamatira pa udzu chiweto chimalavula zonse. Lowetsani chubu cham'mbali, pampata wopanda mano, finyirani kumapeto kwa lilime, ndipo mugwire mutu m'mwamba kufikira chitameza. Zogwa pansi zikwiriridwe, pakuti galu akazinyambita atha kufa. Mankhwala opitirira tsiku lake, kapena ogona padzuwa pamsika, asiyeni pomwepo.

Chovuta kuchimvetsa ndi ichi: si bwino kupha njoka zonse nthawi zonse. Akatswiri anapeza kuti pa gulu la akavalo akuluakulu, mmodzi mwa asanu ndiye amataya mazira ochuluka, pafupifupi magawo anayi mwa asanu a mazira onse. Ndowe ikayesedwa ndi maikulosikopu amawerenga mazira pa galamu iliyonse, ndipo kawirikawiri womwetsedwa ndi amene wapitirira 200. Otsalawo amasiyidwa dala, kuti njoka zawo zomva mankhwala zikakwatirane ndi zopirira zija ndi kusungunula mphamvu yawo. Ku Denmark, kuyambira 1999, mankhwalawa sagulitsidwa popanda chilolezo cha dotolo wa ziweto. Komatu tisapitirire malire. Kuwerenga mazira sikuonetsa tinjoka tobisala m'khungu la matumbo, ndipo komweko ku Denmark Strongylus vulgaris anaonekanso m'makola ena osiya kumwetsa. Motero chiweto chachikulu chilichonse chimwe kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo ana, amene alibe chitetezo, atsate ndondomeko yawo ya kwa alangizi.

Ntchito yotsika mtengo koposa ndi ya khasu ndi dengu. Kuwola ndowe m'khola ndi pomangirira kawiri pa mlungu, makamaka m'nyengo ya dzinja, kumachotsa mazira tiana tisanakwere pa udzu. Ndoweyo iunjikidwe kuti itenthe ndi kusanduka manyowa. Kudyetsa ng'ombe kapena mbuzi pamsipu womwewo kumathandizanso, chifukwa njoka zambiri za kavalo zikalowa m'mimba mwa mbuzi zimangofa.

Pofuna kudziwa ngati mankhwala anu akadali ndi mphamvu, yesetsani ndowe tsiku lomwetsa, ndi kuyesetsanso patapita masiku 14. Mazira akapezeka ali ambiri ndithu pamene muyeso unali wokwana, banja la mankhwala limenelo latha ntchito pa khola lanu, ndipo muuze alangizi musanagule ena.