Zimene Mjigo wa ku London Unatiphunzitsa

Kumapeto kwa Ogasiti 1854, kolera inabuka m'dera la Soho mumzinda wa London, ndipo m'masiku 10 okha anthu oposa 500 anamwalira. Madokotala ambiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti matendawa amafala ndi mpweya wonunkha.

Dokotala wina, John Snow, sanakhutire nazo. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene omwalirawo ankatunga madzi, ndipo anapeza kuti ambiri ankamwa a pamjigo wa mumsewu wa Broad Street. Pa anthu 535 okhala m'nyumba yosungira osauka ya pafupi pomwepo, amene anali ndi chitsime chawochawo, anamwalira asanu okha. Koma mayi wina wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, amene ankaitanitsa madzi a pamjigowo chifukwa chowakonda, anamwalira. Pa 8 Sepitembala akuluakulu a deralo anazula chogwirira cha mjigowo.

Tionetsetse apa: Snow sankadziwa kachilombo koyambitsa kolera. Robert Koch anadzakafotokoza bwino patapita zaka pafupifupi 30. Komabe Snow anapeza njira imene matenda ankadutsa, ndipo njirayo inatsekedwa. Phunziro lake ndi lakuti tisadikire kudziwa zonse tisanayambe kuteteza anthu. Tiwerenge odwala, tifufuze kumene atengera matenda, titseke njirayo.

Zimenezi taziona kwathu kuno. Kolera imene inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Pamene Unduna wa Zaumoyo unkalengeza chiwerengero cha odwala boma lililonse, komanso alangizi a zaumoyo ankagawa klorini wothira m'madzi akumwa, ankatsata njira yomwe ija ya Snow. Lero tilinso ndi katemera ndi Thanzi ORS, zimene iye analibe.

Ambirife tidzapita kukaphunzitsa kumidzi, kumene ana mazanamazana amamwa pamjigo umodzi. Mphunzitsi amene amayang'anitsitsa kaundula wa m'kalasi akhoza kukhala woyamba kuona kuti ana a mudzi umodzi ajomba tsiku limodzi chifukwa chotsegula m'mimba. Akadziwitsa achipatala msanga, wapulumutsa miyoyo.

Mafunso okambirana:
1. Kodi madzi amene timamwa pasukulu ndi kutchalitchi kwathu amachokera kuti, ndipo chimbudzi chili patali bwanji ndi gwero lake?
2. Titaona ana angapo akutsegula m'mimba, tingauze yani choyamba?