Ludzu la mbewu zonunkhira ndi mafuta ake: mafunso ndi mayankho

Kodi mafuta tikunenawa ndi ati?

Si ophikira. Thyolani tsamba la mpungabwi, mulitikite ndi zala, kenako mununkhize. Fungo lakanirira kuzalalo ndiye mafutawo. Anali m'timatumba tating'onoting'ono pakhungu la tsamba, ndipo potikita paja mwatiphulitsa. Timbewu (mint) ndi rosemary nazo zili ndi timatumba totere. Opanga mankhwala ndi zodzola amatulutsa mafutawa ndi nthunzi, pafupifupi monga amatchezera kachasu.

Madzi akachepa m'nthaka, mbewu imatani?

Kunsi kwa tsamba kuli tizibowo timene mbewu imakokera mpweya wopangira chakudya, ndipo madzi amathawiranso pomwepo. Nthaka ikayamba kuuma, mbewu imatseka tizibowoto kuti isunge madzi. Koma ikatero mpweya uja suloŵa wokwanira, chakudya chimachepa, kakulidwe kamaima. Masamba atsopano amatuluka aang'ono, nthambi zimafupika, masana mbewu imalenda.

Nanga bwanji m'chilimwe masamba amanunkhira kwambiri?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Dzuwa silileka kuwomba chifukwa choti mbewu yatseka tizibowo. Mphamvu yake imaloŵabe m'tsamba, ndipo popeza ntchito yopanga chakudya yachepa, ina ya mphamvuyo imathera popanga mafuta ndi zinthu zina zodzitetezera. Komanso tsamba likakhala laling'ono, timatumba tija timathithikana pamalo ochepa, ndiye kutikita pang'ono chabe fungo lili guu!

Mu 1992, James Simon ndi anzake ku yunivesite ya Purdue ku America anasindikiza zomwe anapeza atamana madzi mbewu ya basil, m'bale wake wa mpungabwi. Mafuta m'galamu imodzi ya masamba ouma anakwera kuchoka pa mamaikulolita 3.1 kufika pa 6.2, kutanthauza kuwirikiza kawiri. Koma mbewuzo zinanyentchera, ndipo ngakhale kasakanizidwe ka mafutawo kanasintha.

Ndiye kuti mlimi aleke kuthirira kuti apeze mafuta ambiri?

Ayi ndithu. Mphuno imanamiza. Chimene mlimi amagulitsa ndi mafuta a munda wonse, osati a tsamba limodzi. Tiyerekeze kuti munda umene unkadzaza madengu atatu a masamba tsopano wadzaza limodzi lokha. Ngakhale mafuta a dengu limenelo atawirikiza kawiri, m'botolo mwaloŵa ochepa kusiyana ndi kale. Ludzu likanyanya, mbewu imalepheranso kupanga mafutawo, masamba akumunsi amachita chikasu n'kuyoyoka.

Kodi mbewu zonse zimapirira mofanana?

Sizifanana. Rosemary ndi lavender kwawo ndi kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, kumene nyengo yotentha imadutsa popanda mvula yeniyeni. Zimenezi chimazipha msanga ndi lowe, osati ng'amba. Timbewu mizu yake sipita pansi, timafuna chinyezi nthawi zonse, n'chifukwa chake timakondwa m'dimba ndi pafupi ndi mjigo. Lemongrass, amene ambiri timaponya mu tiyi, safa msanga ndi chilala, koma yang'anani tsinde lake mu Okutobala: nsonga zapsa, masamba apindika, oti mudule palibe.

Nanga ndithirire bwanji?

Mbewu ikadali yanthete ndiponso pamene ikuchita nthambi, musaimane madzi, chifukwa masamba amene mudzakolole akupangika nthawi imeneyo. Phimbirani ndi udzu kuti chinyezi chisathawe. Ikakhwima, kukolola kutayandikira, m'pamene mungatalikitse masiku othirira. Pisani chala m'dothi musananyamule kheni: ngati pansi pakadali ponyowa, dikirani. Mbewu yolenda masana n'kudzuka madzulo ikadali bwino. Koma mukaipeza yolenda m'mamawa dzuwa lisanatuluke, mwapyola muyeso, thirirani tsiku lomwelo.