Bwanji utawaleza wa panyanja umabwera ikatha Asr?



Inu a ku Linga ndi ku Sungu, munauonapo utawaleza pamwamba pa nyanja m'mawa? Ine ndikuti ayi. Kuno ku Nkhotakota nyanja ili kum'mawa, ndipo utawaleza umaoneka pokhapokha dzuwa lili kumbuyo kwako, mvula ili kutsogolo. Ndiye wa panyanja ndi wamadzulo. Wam'mawa muziufuna kumtunda.

Zimachitika chonchi. Kuwala kwa dzuwa kukalowa m'dontho la mvula kumapindika, kumagunda kumbuyo kwa dontholo n'kubwerera, kenako kumapindikanso potuluka. Kuwala koyeraku kuli ndi mitundu yambiri m'kati mwake, ndipo mtundu uliwonse umapindika mosiyana ndi unzake. Mpake kufiira kumakhala kunja kwa uta, pepo m'kati. Utawo umakhala pa madigiri 42 kuchokera pa chithunzithunzi cha mutu wako. Dzuwa likakwera kupitirira madigiri 42, uta wonse umamira pansi. N'chifukwa chake nthawi ya Dhuhr simungauone.

Nanga wachiwiri uja? Kuwala kwina kumagunda kawiri m'dontho kusanatuluke, n'kutulukira pa madigiri pafupifupi 51. Pogunda paliponse kwina kumathawa, motero uta wachiwiriwu umakhala wofuwa, ndipo mitundu yake imatembenuka: kufiira m'kati. Mudzayang'anitsitsenso pakati pa mauta awiriwa, thambo limakhala loderako. Subhanallah, ambirife timangojambula n'kuika pa status, izi osaziona n'komwe.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi mmene anazitulukira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300, Kamal al-Din al-Farisi wa ku Persia, ataphunzira buku la Ibn al-Haytham la Kitab al-Manazir, anadzaza madzi m'galasi lobulungira kuti likhale ngati dontho lalikulu. Analiika m'chipinda chamdima, n'kumatsatira njira ya kuwala: kugunda kamodzi uta woyamba, kawiri uta wachiwiri. M'zaka zomwezo Theodoric wa ku Freiberg anapeza zomwezo, awiriwa osadziwana.

Tili ana tinkamva kuti utawaleza umaletsa mvula. Suletsa ayi. Umangokuuza kumene mvula ikugwa. Choncho inu anyamata opita ku usipa, mukauona panyanja madzulo dziwani kuti mvulayo ili panyanja pomwepo, ndipo ngati mphepo ikuchokera komweko, ikubwera kwa inu. Yambani mwaona mphepo musanakankhe bwato.