Asanafomate Kompyuta Yanu, Chitani Izi

Makompyuta ambiri a m'makomo a ku Ulongwe, Domwe ndi Calomue ndi ogula kwa munthu, ena anabwera ndi achibale kuchokera ku Joni. Amafika ali ndi akaunti imodzi yokha, ya administrator, imene ili ndi mphamvu yoika kapena kufafaniza chilichonse. Bambo amalembamo ngongole za feteleza ndi matumba a mbatatesi, mwana wa kusekondale amaikamo magemu, alamu akabwera alowetsa fulashi yawo. Kiyi wa nkhokwe ali m'manja mwa aliyense, ndiye chimanga chikasowa mufunsa yani?

Yambani ndi kugawa mphamvuzo. Pa Windows pitani ku Settings, kenako Accounts, musankhe Other users. Ngati makina anu amalankhula Chipwitikizi, fufuzani Definições ndi Contas. Tsegulani akaunti yatsopano ya administrator yokhala ndi pasiwedi yodziwa akuluakulu awiri okha, lowanimo muone kuti ikugwiradi, ndipo mukatero mutsitse maakaunti ena onse akhale wamba, a Standard. Ndondomeko yake ndi imeneyo, musaitembenuze. Mukatsitsa akaunti yakale musanayese yatsopanoyo, mutha kutsala ndi kompyuta yopanda mwini. Kuyambira pamenepo, mwana akafuna kuika pulogalamu makina azifunsa pasiwedi, ndipo muzikhala ndi mpata wofunsa kuti pulogalamuyo waitenga kuti.

Pasiwediyo ilembeni m'kope. Ena amati kulemba pasiwedi n'kulakwa, koma pakhomo vuto lalikulu ndi kuiwala, osati wakuba. Lembaninso kiyi ya BitLocker ngati disiki yanu ndi yokhomedwa, monga mmene amabwerera makompyuta ambiri a Windows 11. Ndi manambala 48, ndipo kawirikawiri amasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya munthu amene anayamba kugwiritsa ntchito makinawo. Ngati munagula kwa munthu, mufunseni lero akadayankha foni. Popanda kiyi imeneyi, ngakhale katswiri wa ku Tete sangatsegule mafayilo anu. Kopelo lisungeni pamodzi ndi chiphaso cha BI ndi mapepala a malo a DUAT.

Gulaninso mafulashi awiri. Yoyamba, ya 16GB, ipangeni Recovery Drive. Idzafafanizidwa yonse popanga, ndipo siisunga zithunzi kapena makalata anu, ntchito yake ndi kudzutsa Windows basi. Yachiwiri ndiyo yokopera mafayilo anu mwezi ndi mwezi. Nyengo ya dzinja, kukayamba kugunda, zulani chaja pakhoma.

Tsiku limene makina akana kuyaka, musathamange. Windows ikalephera kudzuka kangapo motsatizana imakufikitsani yokha pa sikirini ya buluu. Sankhani Troubleshoot, kenako Advanced options, muyese Startup Repair. Zikakanika yesani System Restore, imene imabwezera makina mmene analili masiku apitawo osakhudza makalata anu, bola ngati inali yoyatsa. Reset this PC ikhale yomalizira, ndipo musankhe Keep my files. Mapulogalamu adzachoka, mafayilo adzatsala.

Mukapita kwa okonza, mawu oyamba akhale akuti, "Achimwene, musafomate musanandichotsere mafayilo." Okonza ambiri amathamangira kufomata chifukwa n'kwachangu, ndipo makina amabweradi akuthamanga, koma ali mbee. Wodziwa ntchito amayatsa kompyutayo ndi fulashi ya Ubuntu, kapena kuchotsa disiki n'kuilumikiza ku makina ena, n'kukopera zonse inu mukuona. Ngati mwafafaniza nokha chikalata mwangozi ndipo mu Recycle Bin mulibe, zimitsani makinawo nthawi yomweyo. Chilichonse chatsopano chimene mungasunge chitha kukhala pamalo pa chotayikacho.

Foni nayo ili ndi mwini. Kuyambira pa Android 5.1 ya 2015, foni ikafafanizidwa mokakamiza imafuna akaunti ya Google imene inalimo kale. Ambiri akaunti imeneyi anawatsegulira mnyamata wa pamsika, ndipo sadziwa ngakhale dzina lake. Ioneni mu Settings, musinthe pasiwedi, muikepo nambala yanu, mulembe m'kope muja. Ndalama za M-Pesa ndi e-Mola sizitayika chifukwa zimatsata nambala ya simu, koma zithunzi ndi manambala a ogula mbatatesi amene munasunga m'foni momwemo amapita.