Sikelo isadikire kuti mwana agunde

Omvera, makalata awiri amene ndasankha lero afunsa chinthu chimodzi ngakhale achokera kosiyana. Mayi wina wa ku Dedza akuti: "Ndadumpha miyezi iwiri, koma apongozi akuti ndisathamangire kusikelo mwana asanayambe kugunda, poti m'mimbamo mukadali magazi okhaokha. Kodi n'zoona?" Mayi wa ku Machinga naye akuopa kuti akaonekera msanga kuchipatala anthu adziwa, ndipo a mtima wa kaduka angamuchite chipongwe mpaka kupita padera.

Mayi a ku Dedza, apongozi anu akunena zimene maso amaona, koma m'chiberekeromo ntchito yaikulu ili kale mkati. Achipatala amawerenga masabata kuyambira tsiku loyamba la msambo wanu womaliza. Pa sabata ya 6 mwana amakhala wochepa ngati njere ya mpunga, komabe mtima wake wayamba kugunda, ndipo kachubu kamene kadzasanduke ubongo ndi mtsempha wa mumsana kakutsekeka. Pofika sabata ya 10, manja, miyendo, maso ndi impso zaumbika, ndipo pa sabata ya 12 mwana amatalika pafupifupi masentimita 6, zala zili poyera. Kugunda kumene apongozi akudikira mayi amakumva pakati pa sabata ya 16 ndi ya 20, ziwalo zitaumbika kalekale. N'chifukwa chake mowa, fodya, zitsamba zosadziwika mlingo ndi mankhwala ena a khunyu monga sodium valproate zimavulaza kwambiri m'miyezi imene mimba sinaoneke. Amene mumamwa mankhwala a khunyu musasiye nokha, pitani adokotala akaone ngati n'koyenera kusintha. Kachubu kaja kakalephera kutsekeka, mwana amabadwa ndi chotupa pamsana, nthawi zina miyendo yosagwira. Folic acid, mamaikulogalamu 400 patsiku, amachepetsa ngoziyi, koma amateteza bwino akayambidwa mimba isanaime. Choncho amene mukufuna mwana yambani lero, ndipo inu mayi, mapiritsi owonjezera magazi akusikelo akukudikirani.

Mayi a ku Machinga, mantha anu sindikuwapeputsa. Kusunga chinsinsi cha mimba yaing'ono ndi ufulu wanu, ndipo kumene kuli mwambo wa chisamba, akuluakulu adzaulula pa nthawi yake. Koma kubisira mudzi ndi kwina, kubisira mzamba wakuchipatala ndi kwinanso, pakuti iye ntchito yake imamulamula kusunga chinsinsi. Mwa mimba khumi zodziwika, imodzi kapena ziwiri zimapita padera, zambiri m'miyezi itatu yoyambayi, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi cholakwika m'ma chromosome chimene chinachitika pomwe dzira linakumana ndi mbewu ya bambo. Zimachitikira amene anaulula ndi amene anabisa mofanana. Mayi amene zamugwera alibe mlandu, ndipo mnansi amene anamuona panjira ya kuchipatala alibenso mlandu. Adani enieni amene tingawagwire ali m'magazi. Chindoko chimatha kukhala m'thupi popanda chizindikiro, n'kupha mwana m'mimba, chonsecho jakisoni wa penisilini woperekedwa msanga amachiza mayi ndi kuteteza mwana. Kuyambira 2011 Malawi amapereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka ndi HIV, ndipo akayamba msanga kachilombo kamachepa m'magazi nthawi yobereka isanafike. Pa zifukwa ngati zimenezi, mu 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti mayi aonane ndi achipatala kasanu ndi katatu, koyamba masabata 12 asanathe.

Wina anganene kuti, "Chipatala chili kutali, ine ndikumva bwino, ndipo Fansida woteteza ku malungo sapereka mimba isanakwane masabata 13, nanga ndikavutikirenji?" Mtunda ndi vuto lenileni, makamaka nthawi ya dzinja mitsinje itadzaza. Koma kumva bwino sikuyeza magazi. Ndipo popeza Fansida sanayambe, ino ndiyo nthawi imene neti yonyikidwa m'mankhwala imafunika koposa, chifukwa malungo amachepetsa magazi ndipo amatha kuchotsa mimba. Thupi likatentha kayezetseni, musagule mankhwala pagolosale. Abambo, perekezani akazi anu kuti mukayezetse limodzi, poti chindoko chikachizidwa kwa mmodzi yekha chimabwereranso. Koma ngati bambo ali kutali, mayi musadikire.

Mseru, kutopa ndi kukodza pafupipafupi ndi zachizolowezi m'miyezi imeneyi. Zosadikira tsiku la sikelo ndi izi: kutaya magazi, kusanza mpaka madzi omwe osakhazikika, ndi kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, makamaka kukabwera ndi chizungulire. Ululu wotere ungatanthauze kuti mimba yakhala m'chubu osati m'chiberekero, ndipo chubu chikaphulika magazi amatayikira m'kati osaoneka. Zikatero pezani njinga kapena galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.