DIMBA LA PAKHOMO: KULIMA NDIWO M'ZIDEBE

Dziko la Mfumu Yaikulu Mburuma liri m'boma la Luangwa, lodziwikanso ndi dzina lakale la Feira, kumene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Madzi alipo ambiri m'mitsinje, koma ndiwo zamasamba zimasowa m'mbale miyezi yambiri ya cilimwe. Mvula ya m'cigwaci ndi yocepa, ndipo m'mwezi wa Okutobala kutentha kumafika madigiri 40 ndi kupitirira. Amene alima dimba m'mbali mwa mtsinje amalimbana ndi mvuu ndi njobvu usiku, ndipo potunga madzi othirira amaopa ng'ona. Cilala ca 1992 ndi ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale caka cimeneco, zinaonetsa kuti munda wodalira mvula yokha sungadyetse banja caka conse.

Bvuto la banja la kwa Mburuma silisiyana kwenikweni ndi la banja la m'komboni ku Chipata, ku Petauke kapena ku Lusaka. Onse alibe malo abwino olimapo pafupi ndi nyumba, ndipo madzi amabwera ndi mutu. Mankhwala ake ndi amodzi: zidebe zisanu kapena zisanu ndi cimodzi zoikidwa pakhomo. Cimene cingakule m'kutentha kwa ku Feira cingakulenso kwina kulikonse.

CIFUKWA CAKE

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Zambia anali opinimbira, ndipo 58 mwa 100 anali ocepa magazi. Nsima yokha imakhutitsa koma simanga thupi mokwanira. Masamba obiriwira kwambiri monga bondwe, kalembula, cibwabwa ndi repu ali ndi vitamini A amene amathandiza maso ndi kuteteza mwana ku matenda, komanso ayironi amene amathandiza kupanga magazi. Mai wodwala pakati ndi mai woyamwitsa afunika ndiwo zimenezi tsiku liri lonse. Zidebe sizingalowe m'malo mwa munda, koma zikhoza kupatsa banja dzanja limodzi kapena awiri a masamba masiku ambiri pa sabata, ndipo kwa mwana wa zaka ziwiri zimenezo si zocepa ai.

CIDEBE NDI DOTHI

Woyamba kumene asataye ndalama kugula miphika ya kusitolo. Cigubu ca malita 20 codula pamwamba, bakete yothyoka, beseni lakale kapena saka la makilogalamu 50 zonse zigwira nchito. Coletsedwa ndi cidebe cimene munali mankhwala a thonje, penti, petulo kapena oilo wa galimoto. Ngakhale citsukidwe, poizoni satha.

Pansi pa cidebe paboolodwe mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi ndi msomali wootcha pa mbaula. Anthu ambiri amaiwala zimenezi, ndipo mizu imaola m'madzi ongoima. Ndiwo zamasamba zifuna dothi lakuya masentimita 20 kapena 25. Matimati, impwa ndi therere zifuna masentimita 30 kapena kuposa, mtengo umodzi m'cigubu cimodzi. Repu akhoza kukhala atatu kapena anai. Kudzaza mbeu zambiri m'cidebe cimodzi ndi umbombo wosapindula.

Dothi la pabwalo lopondedwapondedwa likaikidwa lokha m'cidebe limauma ngati njerwa. Kasakanizidwe kabwino ndi aka: mbale ziwiri za dothi lakuda la pansi pa mtengo, mbale imodzi ya manyowa oola, ndi mbale imodzi ya mcenga wa kumtsinje. Ku Luangwa mbuzi ziripo zambiri, ndipo ndowe zake ndi manyowa abwino, koma zikhale zakale, zouma ndi zofumbutuka. Manyowa aawisi, makamaka a nkhuku, amaocha mizu ndiponso amabweretsa tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba. Zonyansa za m'cimbudzi, za galu kapena za mphaka zisayandikire cidebe.

MBEU ZOYAMBIRA

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Munthu amagula mbeu ya kabici m'mwezi wa Okutobala, imafota, iye n'kunena kuti alibe dzanja la ulimi. Dzanja lake liribe mlandu. Nyengo ndiyo yolakwika. Repu, mpiru, kabici ndi anyezi zimakonda nyengo yozizira, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Nyengo yotentha ndi ya ndiwo zamakolo: bondwe, kalembula, therere, cibwabwa ndi masamba a khobwe.

Bondwe ndiye mphunzitsi wabwino wa woyamba. Njere zake zimasakanizidwa ndi mcenga pang'ono ndi kuwazidwa pamwamba pa dothi, osazikwirira kwambiri, ndipo pakatha masabata atatu kapena anai masamba amayamba kuthyoledwa. Kuthyola nsonga zokha kumacititsa kuti aphuke nthambi zina. Kalembula safuna ndalama nkomwe: tizidutswa ta mtsitsi wa mbatata totalika ngati mkono wa mwana, topempha kwa mnansi, timagwira m'masiku ocepa. Repu amafesedwa coyamba m'kabeseni, ndipo amaokeredwa madzulo akakhala ndi masamba anai kapena asanu. Pokolola amayambira masamba a m'munsi, kusiya a pamwamba kuti mtengo upitirize kukula.

Zokometsera ndiwo nazo ziri ndi malo ake. Mtengo umodzi wa sabola ukwanira banja, ndipo umapirira dzuwa. Adyo amabzalidwa kacidutswa kamodzikamodzi nyengo yozizira. Anyezi wamasamba amaphukanso ngati tsinde lake la mizu libwezeredwa m'dothi. Udzu wonunkhira ngati ndimu, umene ambiri amathira mu tiyi, umakula bwino m'bakete yakeyake. Koma zokometsera si cipatala. Mwana wotentha thupi apite naye ku kiliniki kapena ku cipatala ca Katondwe tsiku lomwelo kuti akapimidwe malungo, osati kumumwetsa madzi a adyo.

DZUWA NDI MADZI

Nkhani yaikulu m'cigwa ndi imeneyi. Dothi la m'cidebe ndi locepa, motero limatentha ndi kuuma msanga kuposa la m'munda. Ndiwo zifuna dzuwa la maola ngati asanu ndi limodzi, koma likhale la m'mawa. Malo abwino ndi kum'mawa kwa nyumba, kumene mthunzi umafika masana. Cigubu cakuda cimaphika mizu cikakhala pa dzuwa la Okutobala; cikulungidwe ndi saka lakale kapena makatoni, ndipo zidebe ziyandikizane kuti zipatsane mthunzi. Pamwamba pa dothi paphimbidwe ndi udzu wouma kapena makoko a nshawa, cinyontho cisathawe.

Kuthirira kucitike m'mamawa, ndipo kukatentha kwambiri madzulonso. Cala ndico cimauza: cikalowa m'dothi mpaka pa mfundo yaciwiri n'kutuluka couma, mbeu ifuna madzi. Athiridwe pang'onopang'ono pa dothi, osati pa masamba, kufikira atayamba kudontha pansi. Amene acokapo tsiku lonse angaboole citsekero ca botolo lapulasitiki, kulidzaza madzi ndi kulizika cozondoka pafupi ndi tsinde.

Madzi otsukira mpunga, mbatata kapena ndiwo ndi abwino kuthirira, ndipo asatayidwe. Madzi okhala ndi mcere, mafuta, Jik kapena sopo wambiri amapha mbeu. Madzi ocapira matewera ndi a m'ngalande za m'komboni ndi oopsa kwa anthu. Mliri wa kolera umene unayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023 unakumbutsa aliyense za madzi auve. Ndiponso pansi pa zidebe pasakhale timbale tosunga madzi masiku ambiri, cifukwa udzudzu umaswana m'madzi oima.

ADANI A DIMBA

Mbuzi ndi nkhuku zingathe nchito ya mwezi wathunthu pa ola limodzi. Zidebe ziikidwe pa thandala kapena zizingidwe ndi bango ndi minga. Nsabwe za m'masamba zimabisala kunsi kwa masamba a repu; zikaoneka msanga zimaphwanyidwa ndi zala kapena kutsukidwa ndi madzi a sopo pang'ono osakaniza ndi sabola wosinja, madzulo dzuwa litapepa. Mankhwala a thonje asapoperedwe pa ndiwo zodya anthu ngakhale pang'ono. Masamba akayamba cikasu kuyambira m'munsi, dothi latopa: dzanja limodzi la manyowa oola pa masabata atatu alionse libwezera mphamvu.

M'KHICHINI

Masamba atsukidwe ndi madzi aukhondo asanadulidwe, osati atadulidwa kale. Aphikidwe nthawi yocepa m'madzi ocepa, ndipo msuzi wake usatayidwe. Soda amafewetsa ndiwo koma amaononga mavitamini ena. Nsinjiro kapena supuni ya saladi zithandiza thupi kulandira vitamini A, ndipo matimati kapena madontho a ndimu zithandiza kulandira ayironi. Kwa mwana amene wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, masamba ophika asinjidwe bwino ndi kusakanizidwa m'phala pamodzi ndi nsinjiro kapena kapenta wopera, kwinaku akupitiriza kuyamwa.