Pansi pa Nyanja, Ndani Alamula Ulendo?

Anzanga, ambiri a ife tikamva za lamulo la Boyle m'kalasi tiyesa kuti ndi nkhani ya mayeso basi. Koma ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear kuli anthu amene moyo wao udalira lamuloli tsiku ndi tsiku. Ndinena atsogoleri amene amatenga alendo natsika nao pansi pa nyanja kukaona mbuna pakati pa miyala, yense atabereka thanki ya mpweya kumsana. Chipangizo chopumira m'madzichi anachikonza Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan ku France m'chaka cha 1943. Ntchito ya mtsogoleri imavuta pa chinthu ichi: m'bwato limodzi mumakwera katswiri amene watsika kambirimbiri, pamodzi ndi wophunzira amene walandira setifiketi yake dzulo lomwe. Nanga mwa awiriwa ndani alamula ulendo?

Tiyambe ndi masamu. Pamtunda mpweya umatipanikiza muyeso umodzi. Munthu akatsika mamita 10 m'madzi miyeso ikhala iwiri, pa mamita 20 itatu, pa mamita 30 inayi. Robert Boyle anasonyeza m'chaka cha 1662 kuti mpweya ukapanikizidwa kawiri umachepa nutenga theka la malo ake. Chotero pa mamita 10 mapapo afuna mpweya wa m'thanki wochuluka kawiri kuti adzaze.

Thanki ya malita 12 yopopedwa kufika pa 200 bar isunga malita 2,400. Mwambo wao ndi wakuti munthu atuluke m'madzi akali ndi 50 bar, ndiwo malita 600. Otsala ogwiritsa ntchito ndi 1,800. Tsono tiyerekeze kuti katswiri, pokhala wodekha mtima, apuma malita 15 pa mphindi ali pamtunda, ndipo wophunzira, amene mtima uli phaphapha ndi manja ali kupalasapalasa, apuma 25. Pa mamita 10 woyambayo atha malita 30 pa mphindi, nakhala mphindi 60. Mnzakeyo atha malita 50, ndipo pa mphindi 36 mpweya wake wafika kale pa malire. Mathanki ndi ofanana, madzi ndi omwewo, koma asiyana mphindi 24. Ndicho chifukwa chake mtsogoleri amafunsa yense kawirikawiri, ndi manja, kuti geji yake iri pati, ndipo geji yotsika koposa ndiyo ibweza gulu lonse.

Kuya nakonso kuli ndi malire. Monga mwa malamulo a bungwe la PADI, wa setifiketi yoyamba sapitirira mamita 18, wa yachiwiri afika 30, ndipo osambira mongosangalala onse alekezera pa 40. Gulu losakaniza litsata malire a wamng'ono.

Wina anganene kuti, "Ngati wophunzira ali pa madzi osaya, palibenso choopsa." Iai ndithu! Taonaninso masamu aja. Kuchokera pa mamita 30 kufika pa 20 mpweya ukula pang'ono chabe, koma kuchokera pa 10 kufika pamwamba ukula kawiri. Munthu akachita mantha, kapena chifukwa madzi alowa m'galasi lake la kumaso, mtima umuuza kuti agwire mpweya nathawire kumwamba. Mpweya uja ufufuma m'chifuwa wopanda potulukira, ndipo mapapo angathe kung'ambika. Motero lamulo loyamba limene aphunzitsidwa ndi lakuti asagwire mpweya nthawi iri yonse, ndipo mtsogoleri wanzeru asambira pafupi ndi wophunzira, poti dzanja lingathe kumfika. Kukwera kukhale kwapang'onopang'ono, kosaposa mamita 18 pa mphindi, ndi kuima mphindi 3 pa mamita 5. Kuimaku nkwakuti nayitrojeni imene yalowa m'mwazi ituluke bwino, ingachite thovu monga Fanta wotsekulidwa mofulumira.

Katswiri naye ali ndi nthenda yake, ndiyo kudzikhulupirira. Ndiye amene atsalira m'mbuyo kujambula nsomba, kapena atsetserekera kunsi osauza mnzake. Amatsika awiriawiri kuti wina mpweya ukamthera apume wa mnzake. Tsono ngati mnzakeyo ali kutali mamita 20, thandizo liri kuti?

Akatswiri ena amadandaula kuti alipira ndalama zofanana koma atuluka thanki ikali pakati. Ine ndiona kuti dandaulo lao si lopusa, koma mlandu wake uyenera kutha bwato lisananyamuke. Mtsogoleri afunse yense kuti watsika kangati ndipo anatsika liti komaliza, pakuti setifiketi ya munthu amene wakhala zaka zisanu osalowa m'madzi sinena zambiri. Ngati atsogoleri alipo awiri, gulu ligawidwe, kapena wachiwiriyo akwere ndi amene mpweya wawathera, ena napitirire. Ngati alipo mmodzi yekha, katswiri amve zimenezi akali pa mchenga, nasankhe yekha kupita kapena kutsala. Pansi pa madzi palibe bwalo la milandu: munthu ali yense akaloza chala chachikulu kumwamba, ndiko kunena kuti "tikwere," ndipo safunsidwa chifukwa.

Kunena zoona, pa nyanja yathu katswiri sataya zambiri. Kuya kwake kufika mamita ngati 700, koma mbuna zochuluka zikhala pa miyala ya m'madzi osaya, pamene dzuwa limeretsa ndere zimene zimadya. Nsombazi ndizo zinachititsa kuti Lake Malawi National Park, yokhazikitsidwa m'chaka cha 1980, ilembedwe ndi UNESCO m'chaka cha 1984, ndipo pa Otter Point kapena pa chilumba cha Thumbi wophunzira wa pa mamita 10 aziona zabuluu ndi zachikasu ziri kudya pafupi ndi mphuno yake.